Matauni akale: tigwetse kapena tisunge, nanga okhalamo apite kuti?

Pafupifupi mzinda uliwonse waukulu uli ndi kachigawo komwe unayambira, kuja kuli timisewu topanikizana, makoma okhuthala, mashopu pansi anthu akugona pamwamba, mapaipi otopa, mawaya amagetsi ali lendelende paliponse. Ndipo kachigawoka nthawi zambiri kamakhala pakatikati penipeni pa mzinda, pomwe malo amadula kwambiri. Mkangano wonse umayambira pomwepo basi. Nyumba ndi yokalamba, ya nsanjika ziwiri, lendi yake ndi yochepa, koma dothi lomwe yakhalapolo ndi golide. Mwini wake akakhala pansi n'kuwerengera amaona kuti atagwetsa n'kumanga chinyumba cha nsanjika 20 ndalama zolowa zichuluka kangapo, khonsolo nayo ikuona msonkho, andale akuona choti adzaloze pa kampeni. Mbali inayi kuli anthu omwe akuti ayi, mukagwetsa apa simudzazipezanso.

Ine ndili kumbali yosunga, ndinenetu poyambirira pomwe. Koma kusunga komwe ndikunena si kopaka penti makoma n'kuikapo kachikwangwani ka chaka chomwe nyumba inamangidwa ayi. Tauni yakale imakhala yamoyo chifukwa muli anthu ogonamo, ogulitsamo, ana opita kusukulu m'mawa, ndipo mukasunga makoma n'kutulutsa anthu amenewa mwagwetsa ndithu, kungoti simunagwiritse ntchito buludoza.

Komabe tisawanyoze ofuna kugwetsawo ngati kuti onse ndi adyera, ena ali ndi mfundo zolemera. Pa 5 November 2018 nyumba ziwiri zakale zinagwa mumsewu wa rue d'Aubagne mumzinda wa Marseille ku France, anthu 8 anafa, ndipo pambuyo pake anthu masauzande anatulutsidwa m'nyumba zina zomwe zinapezeka kuti nazonso zikhoza kugwa. Mu January 2014 moto unapsereza nyumba zamatabwa zoposa 200 m'tauni yakale ya Dukezong ku China, ndipo chimodzi chomwe chinavuta n'chakuti magalimoto ozimitsa moto ankalephera kulowa m'timisewu tija, timisewu tomwe alendo amakondera kujambula. Ndiye munthu amene akugona m'nyumba yoti khoma lang'ambika, chimbudzi chimodzi mabanja asanu, mukamuuza za mbiri ya mzinda akhoza kukuyang'anani modabwa, ndipo salakwa.

Ku Djenné m'dziko la Mali kuli chitsanzo china chomwe chimandigwira mtima. Tauniyi ndi ya nyumba zadothi, inalowa mu 1988 pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa wa UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, ndipo mzikiti wake waukulu anthu a m'tauni yonse amaumata dothi latsopano chaka ndi chaka, ndi chikondwerero chenicheni. Koma ena mwa okhalamo akhala akudandaula kuti malamulo osunga maonekedwe a tauni amawamanga manja, munthu akufuna kukulitsa chipinda, kuika matailosi, kumanga bafa labwino, akuuzidwa kuti nyumba ikhale momwe inalili. Dziko lonse likuti ndi cholowa cha anthu onse, koma amene akumata dothi mvula ikatha ndi iye yekha, ndi ndalama zake. Funso loti ndani alipire silichoka pa nkhani imeneyi, tibwererakonso.

Tione kaye zomwe kugwetsa kunachita pamene kunali mu fasho. Mu 1925 katswiri wa mapulani a nyumba Le Corbusier anatulutsa pulani yoti chigawo chachikulu cha pakati pa Paris chisalazidwe n'kumangapo nyumba zitalizitali 18 zofanana, pakati pake kapinga ndi misewu yotakata ya magalimoto. Sizinachitike, koma maganizo amenewa anafalikira, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mizinda yambiri inayamba kugumula madera akale ponena kuti ndi auve, n'kudutsitsamo misewu ikuluikulu. Ku New York mayi wina wolemba, Jane Jacobs, analimbana ndi pulani ya Robert Moses, mkulu wa zomangamanga mumzindawo, yodutsitsa chimsewu kumunsi kwa Manhattan, ndipo mfundo yake inali yosavuta kumva: nyumba zakale lendi yake imakhala yotsika, ndiye telala, wokonza nsapato, wophika timakeke, munthu woyamba kumene bizinesi, onsewa amapeza pokhala, pomwe nyumba yatsopano imafuna wobwereka woti abweze ndalama zomangira, ndiye mumalowa mabanki ndi mashopu akuluakulu okhaokha. Msewuwo sunamangidwe.

Koma mu 1963 New York yomweyo inayamba kugumula Penn Station, siteshoni ya sitima yokongola yomwe inatsegulidwa mu 1910, yazipilala zamiyala ndi denga lagalasi. Anthu anazindikira kukula kwa chomwe ataya ntchito ili mkati kale, ndipo mu 1965 mzindawu unakhazikitsa lamulo loteteza nyumba zambiri yakale. Lamulo lomwelo ndi lomwe linapulumutsa siteshoni ina, Grand Central, eni ake atafuna kumanga pamwamba pake chinyumba cha nsanjika zoposa 50. Mlandu unafika ku khoti lalikulu la dziko la America ndipo mu 1978 khotilo linagamula kuti mzinda uli ndi mphamvu yoletsa.

Ndipo pali kugwetsa kwina komwe mawu oti chitukuko anangokhala chophimbira. Pa 11 February 1966 boma latsankho la South Africa linalengeza kuti District Six ku Cape Town ndi dera la azungu okha, ankati ndi malo auve odzaza umbanda. Anthu oposa 60,000 anasamutsidwa, ambiri kupita ku Cape Flats kutali ndi ntchito zawo, nyumba zinagumulidwa kusiya matchalitchi ndi mizikiti yochepa, ndipo gawo lalikulu la malowo linakhala thengo kwa zaka makumimakumi. Ndikamva mawu oti tikuyeretsa mzinda ndimakumbukira pamenepa, ndimafuna kumva kaye kuti akuyeretsedwayo ndani.

Zinthu ngati izi ndi zomwe zinabala malamulo omwe alipo lero. France inakhazikitsa lamulo la Malraux (dzina la nduna ya zachikhalidwe ya nthawiyo) mu 1962 loteteza dera lonse osati nyumba imodziimodzi, ndipo dera la Marais ku Paris, lomwe panthawiyo linali lotha, linali pakati pa oyamba kutetezedwa. Mu 1964 akatswiri anakumana mumzinda wa Venice ku Italy n'kulemba chikalata chotchedwa Venice Charter, chomwe mwa zina chimati nyumba yakale imasungika bwino ikamagwira ntchito yothandiza anthu, komanso kuti mukaikapo chatsopano chigwirizane ndi chakalecho koma chidziwike kuti n'chatsopano, musanamize anthu. Mu 1972 kunabwera pangano la UNESCO la malo omwe ndi cholowa cha dziko lonse. Anthu ambiri amaganiza kuti UNESCO ili ndi mphamvu yoletsa boma kumanga, ayi ilibe, chomwe ingachite ndi kuchenjeza, kuika malowo pa mndandanda wa omwe ali pachiopsezo, kenako kuwafufuta. Zinachitika ku Dresden ku Germany mu 2009 chifukwa cha mlatho wa misewu inayi pa mtsinje wa Elbe, ndipo chosangalatsa apa n'chakuti anthu a mumzindawo anali atavota pa riferendamu mu 2005 ndipo ambiri anaufuna mlathowo chifukwa anatopa ndi kuthithikana kwa magalimoto. Zinachitikanso ku Liverpool mu 2021 chifukwa cha zomangamanga zatsopano m'mbali mwa doko lakale, kuphatikizapo bwalo la mpira la Everton. Munganene kuti anthu a ku Dresden analakwa? Ine sindingathe kunena motsimikiza choncho, mzinda ndi wawo, amadzuka n'kupita ku ntchito ndi iwo.

Tsono pali kulephera kwina komwe sikuoneka ngati kulephera chifukwa pa chithunzi zonse zili bwinobwino. Venice nyumba zake zilipo, zosamalidwa, palibe amene angayerekeze kugwetsa. Koma mu 1951 pakati pa mzindawu pankakhala anthu pafupifupi 175,000, ndipo mu 2022 chiwerengero chinatsika kufika pansi pa 50,000. Pa windo la famase ina pafupi ndi mlatho wa Rialto pali kachikwangwani kamagetsi komwe kamaonetsa nambala ya anthu otsala, anthu amadutsa n'kuona nambala ikutsika. Zifukwa ndi zingapo, madzi osefukira, ntchito zomwe zinasamukira kumtunda, kudula kokonza nyumba yomwe maziko ake ali m'madzi, koma china chachikulu m'zaka zaposachedwa n'chakuti landilodi amapeza zambiri akamagoneka alendo odzaona malo masiku atatuatatu kudzera pa Airbnb, tsamba la pa intaneti lobwereketsa nyumba kwa alendo, kusiyana ndi kusunga banja chaka chonse. Banja likachoka shopu ya zofunika za tsiku ndi tsiku imasowa makasitomala, imasanduka yogulitsa tizikumbutso, sukulu imasowa ana, ndipo banja lotsatira limapeza chifukwa chochokera. Mu 2021 Italy inaletsa sitima zikuluzikulu za alendo kudutsa pakati pa mzindawu, mu 2024 anayamba kulipiritsa ma euro 5 kwa obwera tsiku limodzi pa masiku otanganidwa, koma zimenezi sizibweza banja lomwe linapita kale.

Ndiye njira yapakati ndi iti? Ndikuona kuti yonse imazungulira pa ndalama, ndani alipire kukonza, ndipo phindu likabwera lipite kwa ndani.

Njira ina yochenjera ndi yomwe New York imagwiritsa ntchito. Tiyerekeze kuti malamulo a dera amalola nsanjika 20 koma nyumba yako yotetezedwa ili ndi nsanjika 4, ndiye kuti pali nsanjika 16 zomwe waletsedwa kumanga. Mzinda umakulola kugulitsa ufulu umenewo kwa wina yemwe ali ndi puloti pafupi, iye amange motalikirapo kuposa momwe akanaloledwera, iwe utenge ndalamazo ukonzere nyumba yakaleyo. Zimathandiza pokhapokha pamene pali anthu olimbirana kumanga, mumzinda wosauka palibe angagule ufulu umenewo. Singapore, yomwe inagwetsa zambiri m'zaka zoyambirira za ufulu wake, mu 1989 inaika madera ngati Chinatown, Little India ndi Kampong Glam pansi pa chitetezo, ndipo pano nyumba zotetezedwa zimaposa 7,000, nyumba zitalizitali zili chapafupi pomwepo koma osati pamwamba pake. Makoma anasungika bwino kwambiri, ngakhale anthu ambiri a kumeneko amanena kuti mabizinesi akale ndi mabanja anachoka malendi atakwera. Ku Havana ku Cuba anayesa china, mu 1993 ofesi ya wolemba mbiri ya mzinda, yomwe ankaitsogolera Eusebio Leal, inapatsidwa mphamvu yoyendetsa mahotela ndi malo odyera m'tauni yakale n'kubweza phindu lake pa kukonza nyumba, masukulu ndi malo osamalira okalamba m'dera lomwelo. Nyumba zambiri kumeneko zikadali zoopsa, zina zimagwa ndithu, koma ganizo loti ndalama ya mlendo isatuluke m'dera lomwe wabwera kudzaona ndi labwino.

Yomwe imandikopa kwambiri ndi ya Bologna ku Italy. Mu 1969 khonsolo ya mzindawu, ndi katswiri wa mapulani Pier Luigi Cervellati, inatulutsa pulani yomwe inati pakati pa mzinda ponse ndi cholowa, osati matchalitchi ndi nyumba za mabwana zokha komanso tinyumba ta anthu wamba, amisiri ndi ogwira ntchito. Anayendera nyumba ndi nyumba, kuziika m'magulu malinga ndi kamangidwe kake, n'kunena kuti iyi ingasinthidwe mpaka apa, iyi isakhudzidwe, iyi si yofunika. Kenako anatenga ndalama zomwe nthawi zonse zimapita kukamanga nyumba zotsika mtengo kunja kwa mzinda, n'kuzigwiritsa ntchito kukonza nyumba zakale za pakati pomwepo, ndipo landilodi wofuna thandizo ankasaina kuti akakonza sachotsa omwe akukhalamo ndipo lendi ikhala pa mlingo wogwirizana. Taganizani gogo yemwe wakhala m'nyumba imodzi zaka 40, akusamutsidwira kanthawi kochepa m'nyumba ina m'dera lomwelo, amisiri akuika bafa, akusintha mawaya, akukonza denga, kenako akubwerera pakhomo pake, aneba ake ali omwewo. Eni nyumba ambiri anakana, nyumba zomwe zinakonzedwa zinali zochepa poyerekeza ndi zomwe ankafuna, ndipo Bologna lero nayo ikulimbana ndi kukwera kwa malendi. Koma anaonetsa kuti zimatheka kulemba dzina la wokhalamo mu pulani yomweyo yomwe mwalemba khoma.

Pali chinyengo china chomwe chafala chomwe sindichikonda ngakhale pang'ono, kusiya khoma lakutsogolo lokha litachirikizidwa ndi zitsulo, kumbuyo konse n'kugumula n'kumangako chinyumba chagalasi. Pa pepala amati tasunga. Koma masitepe, bwalo lamkati, kukula kwa zipinda komwe kunkachititsa kuti shopu yaing'ono ikwanemo, zonse zapita, chatsala ndi nkhope yopanda mutu. Kusintha ntchito ya nyumba ndi nkhani ina, kumeneko ndimagwirizana nako. Tate Modern, malo oonetserako zaluso ku London, inatsegulidwa mu 2000 m'nyumba yomwe kale inkapanga magetsi, Zeitz MOCAA, malo enanso oonetserako zaluso ku Cape Town, inatsegulidwa mu 2017 m'nkhokwe zakale zambewu za pa doko. Ndipo pali phindu lina lomwe kale silinkawerengedwa: kupanga simenti kumatulutsa pakati pa 7 ndi 8 peresenti ya mpweya wa kaboni womwe anthu amatulutsa padziko lonse, ndiye khoma lililonse lomwe laimirira kale ndi simenti yomwe simufunika kuotchanso.

Wina afunsa kuti nanga Warsaw, si zonamiza zomwezo? Tauni yakale ya Warsaw asilikali a Germany anaiphwasula mu 1944, zoposa 85 peresenti zinasanduka mulu wa njerwa, ndipo anthu a ku Poland anaimanganso potsatira mapulani akale, zithunzi, ngakhale zojambula pamanja za mmisiri Bernardo Bellotto za zaka za m'ma 1700. UNESCO inailandira mu 1980 ikudziwa bwino kuti makoma ambiri ndi atsopano. Kwa ine kusiyana kwake kuli poti kumeneko anthu ankabweza chomwe analandidwa mwadala, sanagwetse okha kuti amange chokopa alendo.

Nditsirize ndi chinthu chooneka chaching'ono koma chomwe chimapha nyumba zakale zambiri kuposa buludoza, madzi ndi simenti. Stone Town ku Zanzibar, yomwe inalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 2000, ili ndi nyumba pafupifupi 1,700, zambiri zomangidwa ndi miyala ya m'nyanja yotchedwa korali yolumikizidwa ndi dothi ndi laimu, mitanda yake ya mitengo ya mangrove yomera m'mphepete mwa nyanja. Khoma lotere limapuma, limamwa chinyezi nthawi ya mvula n'kuchitulutsa dzuwa likawala, ndipo pulasitala ya laimu imalola zimenezi chifukwa ndi yofewa komanso ili ndi timabowo tosaoneka. Tsono pabwere munthu wa mtima wabwino, waona khoma likusuwa, wagula simenti chifukwa ndi yomwe amisiri amaidziwa ndipo imauma msanga, wamata bwinobwino, wapakanso penti yamafuta. Chaka choyamba pakuoneka bwino. Koma madzi ochokera padenga lodontha ndi ochokera pansi akulowabe m'khoma, potulukira palibe, mchere wa m'nyanja ukuunjikana mkati, nsonga za mitanda zomwe zalowa m'khoma zikuola mwakachetechete. Mukagogoda ndi chala pamamveka phokoso la chinthu chopanda kanthu mkati, kenako tsiku lina chigamba chonse cha pulasitala chimagwa pamodzi ndi nkhope ya mwala, ndipo mtanda ukatha mphamvu denga la chipinda limatsika.

Vuto la ku Stone Town linakula pambuyo pa kusintha kwa boma kwa 1964, eni nyumba ambiri atachoka, nyumba n'kukhala m'manja mwa boma, mabanja angapo m'nyumba imodzi, aliyense ali ndi chipinda chake koma denga lilibe mwini. Wokhala pamwamba ndi amene amavutika ndi kudontha koma nyumba si yake, wapansi sakuona vuto mpaka khoma litang'ambika. Ngakhale House of Wonders, nyumba yotchuka kwambiri ya m'tauniyi yomangidwa mu 1883, mbali yake ina inagwa mu December 2020 ili mkati mokonzedwa. Bungwe loyang'anira Stone Town linakhazikitsidwa mu 1985, ndipo mabungwe ngati Aga Khan Trust for Culture agwirako ntchito yokonza nyumba ndi kuphunzitsa amisiri kuumbanso ndi laimu, ntchito yofuna kudekha chifukwa laimu amafunika kumunyika nthawi yaitali asanagwire ntchito, ndipo akamatidwa amauma pang'onopang'ono, uyenera kumamuwaza madzi n'kumuphimba kuti dzuwa lisamuumitse msanga. Kontilakita wothamangira kumaliza sakonda zimenezi. Ndipo mmisiri wodziwa laimu akapanda kupeza ntchito chaka chonse amabwerera ku simenti, ana ake ayenera kudya, ndiye khonsolo yomwe ikufunadi nyumba zimenezi iyenera kukhala ndi bajeti ya chaka ndi chaka yotsuka ngalande zapadenga, kusintha lata lobooka, kumata pomwe pasuwa, ndi kupatsa wokhalamo pepala lomutsimikizira kuti akakonza denga ndi ndalama zake sadzatulutsidwa chaka chamawa nyumba ikayamba kuoneka bwino.